Botolo la Kumpoto

Foni inalira Lolemba m'mawa ndili pakhonde, nditavala majuzi awiri. Chiperoni chinali chitatseka minda yonse ya tiyi, moti ngakhale mabulugamu a m'malire mwa esiteti sankaoneka. Woimbayo anali mwana wamkazi wa mnzanga wakalekale amene amakhala ku Beira. Mnzangayo si m'bale wanga wamagazi, koma kuyambira tili anyamata pa wokishopu ya magetsi ya pa esiteti ndimawatchula kuti achimwene, ndipo sindingasinthe lero.

"Ankolo," anatero mwanayo, "Loweruka m'mawa tikuwasamutsa ababa. Akudzakhala kwa ine, m'nyumba yosanja, m'mwamba. Kulibe bwalo kumeneko. Mawaya awo onse aja tikutsitsa."

Ndinangoti, "Oho."

"Koma akutisowetsa mtendere. Tsiku lonse akungogogoda patebulo ndi supuni. Ndawafunsa kuti kodi mukufuna ankolo a ku Thyolo, avomera ndi mutu mpaka misozi. Simungawapeze pa wailesi yanu ija kamodzi kokha tisanatsitse?"

Ndinayankha kuti ndiyesa. Nditadula foni ndinakhala pomwepo mpaka tiyi anazizira m'kapu, chifukwa ndinkadziwa zimene mwanayo sankadziwa. Wailesi yanga yolankhulirana ndi anthu akutali inali itatha miyezi isanu ndi itatu ili yofunditsidwa chitenje, ndipo eriyo pamwamba pa mlongoti inali italoza kumene yafuna yokha.

Achimwene anadwala sitiroko chaka chatha. Mutu uli bwinobwino, koma lilime linalemera ndipo dzanja lamanja linafa. Anthu akamva za wailesiyi amakonda kundifunsa kuti, "Nanga si masiku ano kuli mafoni, madala?" Funso limenelo limandipsetsa mtima. Eya, mafoni alipo, ndipo ndinayesapo. Pa foni ndimamva kupuma kwa achimwene, kenako mwana wawo n'kumandiuza zimene iyeyo akuganiza kuti bambo ake akufuna kunena. Amenewo ndi macheza? Koma apatseni kiyi, kachitsulo kaja kogogodera ti-ti-taa, ngakhale ku dzanja lamanzere, amalankhula okha popanda wowamasulira. Munthu aliyense ali ndi kagogodedwe kake, monga alili ndi kayendedwe kake. Ka achimwene ndingakazindikire pakati pa anthu zana.

Tinaphunzira limodzi kwa injiniya wina wachizungu amene ankatiyang'anira pa fakitale. Anali munthu waukali, wosaseka ndi munthu, koma Loweruka masana ankatiitanira kuseri kwa nyumba yake n'kumatiphunzitsa kugogoda. Pobwerera kwawo anatigawira zida zake ndi mabuku. Achimwene anakapeza ntchito ku doko ku Beira, ine ndinatsala ndi tiyi mpaka kupuma ntchito, n'kumanga kanyumba kano m'mphepete mwa esiteti.

Za masetilaiti tinayamba mochedwa, tili kale ndi imvi. Kumwambaku kuli timasetilaiti ting'onoting'ono timene anthu okonda wailesi anatumiza. Kamodzi kakamadutsa, kamalandira kugogoda kwako n'kukakutsitsira kwa mnzako amene ali kutali. Koma sikaima kudikira munthu. Kamatuluka mbali imodzi ya thambo n'kukalowa mbali ina m'mphindi khumi ndi zochepa chabe, ndipo nthawi yonseyo eriyo iyenera kukatsatira, ngati mmene munthu amalozera ndege ndi chala.

Ntchito yotsatirayo imagwiridwa ndi mamota awiri pamwamba pa mlongoti, imodzi yozungulitsa eriyo, inayo yoidzutsa ndi kuigoneka. M'chipinda muli kabokosi kolamulira mamotawo, ndipo kompyuta ndiyo imakauza kumene setilaiti ili. Koma kabokosi kalibe maso, kamangodziwa manambala. Ukakauza kuti apa ndiye pa ziro, kutanthauza kumpoto, kamakukhulupirira, n'kumawerenga madigiri onse kuchokera pamenepo. Ukakanamiza, nakonso kamanamiza eriyo mokhulupirika kwambiri.

Mphepo ya kuno imapotoza eriyo pang'onopang'ono, choncho kawiri kapena katatu pa chaka tinkayenera kukakumbutsa kabokosiko kumene kuli kumpoto. Imeneyo ndi ntchito ya anthu awiri. Ine ndinkakhala m'chipinda, chala chili pa batani, mayi a kunyumba ali panja. Zenera la chipindacho layang'ana kuseri, kukhitchini, pomwe mlongoti uli m'mbali mwa nyumba, ndiye sindinkawaona. Ndinkangomva mawu.

"Pitirizani! Pitirizani! Mwapyola, bwererani pang'ono. Abambo, ndati pang'ono! Basi."

Akati basi, ine n'kudina batani losungira, ntchito n'kutha. Ndinawapatsa kampasi ya injiniya uja kuti aziyang'anirapo, ndipo sindinawafunsepo kuti amaigwiritsa ntchito bwanji. Zinkayenda, ndiye ndifunsirenji?

Achimwene ankaidziwa ntchito ya mayiyi, chifukwa ndiwo anabwera kudzandithandiza kudzutsa mlongoti tsiku loyamba. Kuyambira pamenepo, nthawi iliyonse tikakumana pa setilaiti, mawu awo omaliza ankakhala amodzimodzi: ALAMU ALI PANJA? Ine n'kuyankha kuti ALI PANJA. Ndikawauza mayi, ankati, "Muwauze anzanuwo kuti ndili ndi ntchito zina, sindine mlonda wa zitsulo zanu." Koma ankanena akuseka.

Mayi anatisiya mu Okutobala, patangopita milungu itatu achimwene atagwa. Mwana wa ku Beira uja anandichonderera kuti ndisawauze bambo ake, akuti adokotala anena kuti asamve zodzidzimutsa. Ndinavomera pakamwa, koma mumtima ndinali ndi mkwiyo. Munthu amene anaima pambali panga pa ukwati wathu, osadziwa kuti mlamu wake anaikidwa! Miyezi inapita, palibe amene anabwereranso ku nkhaniyo. Ana athu awiri, maliro atatha, anabwerera kumene amagwira ntchito. Ine ndinatenga chitenje cha mayi n'kufunditsa wailesi. Mkuntho wa mu Januwale utapotoza eriyo, ndinaiona m'mawa mwake n'kungoisiya choncho.

Ndiye Lolemba lija ndinatsimikiza zinthu ziwiri. Ndiwapeza achimwene, ndipo ndiwauza za mayi ndekha, ndi dzanja langa. Loweruka likangokwana ndisanawapeze, ndiye kuti kwatha. Tidzakhala nkhalamba ziwiri zopumirana pa foni, mwana ali pakati.

Lachiwiri ndinavundukula wailesi. Fumbi, zitosi za abuluzi, ndipo mavu anali atamanga pa kabokosi kolumikizira mawaya kunja. Ndinakwera makwerero ndi sipanala m'thumba, n'kumanga mabawuti amene mkuntho unamasula. Palibe amene ankandigwirira makwerero pansi. Ndinawamangirira ku mlongoti ndi chingwe choyanikira zovala, ndipo ndikanagwa tsiku limenelo, woyamba kudziwa akanakhala galu wa aneba.

Mota yodzutsa ndi kugoneka sinandivute. Ndinaika levulo ya amisiri omanga nyumba pa eriyo, n'kuigoneka mpaka kathovu kanakhala pakati, n'kutsika kukauza kabokosi kuti apa yagona. Levulo safuna mnzake. Yozungulitsa ndiyo inandidyetsa thukuta. Umayamba waiyendetsa mpaka kumapeto kumanzere, kenako mpaka kumapeto kumanja, kuti kabokosi kadziwe kutalika kwa ulendo wonse. Uli wekha, ndiye kuti dina batani, thamangira panja ukaone ngati waya sakukoledwa, bwerera, dinanso. Ndinalowa ndi kutuluka mpaka simenti yonse inadzaza matope ofiira. Ulendo wina ndinadzimva ndikufuula ndili m'chipinda kuti, "Yafika?" Kunja kunkangomveka madzi akudontha kuchokera pa malata.

Kenako panatsala kupeza kumpoto. Ndinafufuza kampasi nyumba yonse, n'kukaipeza m'sutikesi ya mayi, pansi pa zovala zawo za kumpingo, ili m'kathumba kake kachikopa komwe ndinawapatsira. Singano yake inali itauma ndi dzimbiri. Ndinaigwedeza, ndinaimenya pa chikhato, osasuntha. Dzimbiri limenelo silinali la miyezi isanu ndi itatu ayi, chinthucho chinafa kalekale. Nanga mayi zaka zonsezi ankayang'ana chiyani?

Foni yanga ndi ya mabatani, ilibe kampasi. Dzuwa kunalibe, phiri kunalibe, chiperoni chokhachokha. Ndiye ndinachita zimene aliyense wa kuno akanachita. Kwathu kuno timati kumtunda, kumunsi, kuphiri, kuchigwa. Kumpoto kwa ife ndi dera, malo amene munthu amapita pa basi atanyamula kamba. Funsani aliyense wotchola tiyi kuti kumpoto ndi kuti, akulozerani msewu wa ku Limbe. Inenso ndinalozetsa eriyo cha kumene msewuwo umatulukira m'esiteti, ndinabwerera m'chipinda, n'kudina batani. Sindinakumbukire kuti msewuwo umayamba wakhotera kumadzulo, kuzungulira damu, usanawongoke.

Kompyuta inaonetsa kuti sabata imeneyo setilaiti yathu izidutsa bwino kamodzi pa tsiku, masana, nthawi imene mwana uja akanatha kuthawa ku ntchito kukawakhazika bambo ake pa mpando. Ndinamutumizira nthawi zake za Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu.

Lachitatu nthawi itakwana mamota analira, eriyo n'kuyamba kuyenda. Ndinavala mahedifoni. Munali phokoso lokhalokha, ngati mvula ikamabwera patali m'minda. Ndinagogoda dzina langa la pa wailesi, ndinadikira, ndinagogodanso. Eriyo ikaloza bwino umamva kugogoda kwako komwe kukubwerera kuchokera kumwamba. Kamodzi ndinakumva, mofooka kwambiri, n'kuzimirira pomwepo. Mphindi zija zinatha, mamota anasiya kulira. Posakhalitsa foni inanjenjemera: "Ababa agogoda mpaka dzanja latopa. Sanamve kanthu. Akana chakudya."

Lachinayi chiperoni chinang'ambika, dzuwa n'kutuluka. Ndinatsitsa buku la injiniya uja pa shelefu, buku lonenepa la chikuto chofiira, masamba ake atadyedwa m'mbali. Linati, ngati ulibe kampasi, zika ndodo yowongoka pamalo osalala, dikira masana mthunzi ufupikitsitse, ndipo kumene waloza mthunziwo ndiye kumpoto. Ndinazika mpini wa khasu pabwalo. Ndinakhala chonyonyomala ndi timiyala m'manja, kuika kamwala kumapeto kwa mthunzi mphindi zingapo zilizonse, mpaka unayamba kutalikanso 12 koloko isanakwane. Mthunzi waufupiwo unaloza kuseri kwa nyumba, cha kuchimbudzi.

Mtima unandiuza kuti apa pali cholakwika. Phiri la Mulanje linali litatulukira kum'mawa, ndipo mwana wa sitandade folo akanandiuza kuti ukayang'ana kumpoto, kotulukira dzuwa kumakhala kudzanja lamanja. Koma dzulo lake ndinali nditakhulupirira mutu wanga, mutuwo n'kundigwetsa. Nthawi inali itatsala ola limodzi lokha. Komanso ife a pa fakitale tinaleredwa kuti buku la makina sulitsutsa. Injiniya uja ankati ukanena kuti "ndimaganiza," amamenya chala pa tsamba n'kukufunsa kuti wakulemba ntchito yoganiza ndani. Ndinamvera buku. Ndinatembenuzira eriyo kuchimbudzi, n'kudina batani.

Tsiku limenelo ngakhale kugogoda kwanga komwe sindinakumve. Setilaiti inali uku, eriyo itaifulatira kuyambira potuluka mpaka polowa. Ndinavula mahedifoni n'kuwaponya kukona. Ndinatukwana buku, ndinatukwana injiniya, ndinatukwana mkuntho wa mu Januwale. Ndinene zoona, ndinakalipiranso mayi, mokweza ndithu, chifukwa chopita ndi chinsinsi chawo osandisiyira. Kenako manyazi anandigwira, ndinakatola mahedifoni aja n'kuwapukuta ndi malaya. Uthenga wa tsiku limenelo unali waufupi: "Mawa ndi lomaliza, ankolo."

Madzulo ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana anthu otchola tiyi akutsika kuchokera ku sikelo, madengu ali kumsana, akusekererana. Ena anandikwezera dzanja, inenso ndinakweza. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ndikanamufotokozera vuto langa osandiseka. Zaka zonse zija, ndikalephera kanthu ndinkapita kukhitchini n'kumalongolola, mayi akusenda chinangwa, ndipo ndinkatulukamo mtima utatsika. Madzulo amenewo ndinapitako ndithu kukhitchiniko. Ndinaima pakhomo, n'kubwerera. Kusungulumwa kunandipweteka kuposa tsiku la maliro.

Lachisanu kunacha ndi mitambo, chiperoni chitabwereranso. Cha m'ma 9 koloko kunatulukira mlamu wanga, mng'ono wa mayi, amene amakhala cha ku Khwethemule. Ankapita ku Luchenza ndi dengu la makaka, chinangwa chouma chija, ndiye anapatuka kudzandisiyira nyemba za kalongonda m'kapoto. Anandilonjera m'Chilomwe monga ankachitira achemwali ake, koma asanamve n'komwe yankho langa, maso ake anali kale m'mwamba.

"Alamu, chinthu chanuchi chakwiya ndi ndani? Bwanji chafulatira?"

"Chaloza kumpoto," ndinatero mwaukali.

"Kumpoto kwa ndani?"

Ndinamufotokozera za mpini wa khasu ndi mthunzi, mpaka ndinakatenga buku n'kumuonetsa tsamba lake. Anaseka mpaka anatula dengu pansi.

"Iii, alamu, sukulu yonse ija! Mthunzi wa mwezi uno? Nthawi yozizira mthunzi umagwera kuseri kwa nyumba, kumwera. N'chifukwa chake makaka timayanika kutsogolo kuno. Ikamayandikira Khirisimasi ndiye umatembenuka. Kodi amene analemba buku lanuyo anayanikapo makaka ku Thyolo?"

Mutu unatseguka pomwepo. Bukulo linalembedwa ku Ulaya, kumene dzuwa limakhala kumwera chaka chonse. Silinaname, linkangonena za kwawo. Ine mwana wa kuno, wokalambira pa dothi lomweli, ndinafunsa mzungu kumene mthunzi wa pabwalo panga umagwera. Asa!

"Chabwino," ndinatero, "ndingochotsa madigiri 180, theka la kuzungulira. Bola ngati mpini uja unali wowongoka." Ndinanena choncho koma sindinkadzikhulupiriranso, ndipo timiyala tanga tija nkhuku zinali zitamwaza kale.

"Mukuvutikiranji ndi masamu? Achemwali ankangoima pa botolo."

"Botolo lanji?"

Anapita kutsogolo kwa nyumba, pa kadimba ka maluwa ka mayi. Kadimbako kanazunguliridwa ndi mabotolo ozikidwa chozondoka, monga amachitira amayi ambiri kuno, koma udzu unali utameza zonse. Anapempha khasu, ndinamupatsa lopanda mpini, anandiyang'ana moipa, ndinakazula mpini uja pabwalo n'kubwezeretsa. Ankapalira uku akulalata kuti munthu wamkulu kulekerera maluwa a mkazi wake kufika pamenepa n'zochititsa manyazi. Mabotolo anayamba kuoneka limodzilimodzi, onse ofiirira. Kenako, kunja kwa mzerewo pang'ono, linatulukira limodzi lobiriwira, lili palokha, pambali pake pali mwala wophwatalala.

"Tsiku limene munadzutsa mtengo wanuwu ine ndinalipo," anatero. "Anzanu a ku Beira aja anapita kutali uko m'munda wa tiyi ndi kawotchi kawo kaja kolozera kumpoto, akuti malata amakanamiza. Anabwera akuloza, akuloza, mpaka anawaimika achemwali apa. Inu munali m'nyumba ndi mawaya anu. Madzulo achemwali anazika botolo pamene panali phazi lawo. Ankati, chinthucho chikandiyang'ana m'maso ndiye kuti chafika."

Botolo limenelo ndinkaliona tsiku lililonse ndili pakhonde, udzu usanalimeze. Ndinkangoti mabotolo ofiirira anawathera.

"Ndiye kuti zaka zonsezi..."

"Zaka zonsezi mumalozetsa iwowo, alamu. Inu n'kumati kumpoto."

Ndinalowa m'chipinda msangamsanga kuti asandione nkhope. Iye anaima pamwala paja, ine chala pa batani.

"Pitirizani! Pitirizani! Mwapyola. Bwererani pang'ono."

Mawu a ana a mimba imodzi amafanana, makamaka ukamawamvera kuseri kwa khoma. Ndinapyolanso.

"Alamu, ndati pang'ono! Basi."

Ndinadina batani losungira. Nditayerekeza ndi masamu anga aja, zinasiyana madigiri ochepa chabe, ndipo ndinakhulupirira botolo. Ndinamupempha kuti amwe tiyi, anakana, akuti wakabaza akumudikira ku msewu. Anasenza dengu lake, n'kutembenuka ali pa mpanda. "Muzipalira maluwawa," anatero, n'kumapita.

Ndinatsala ndekha ndi maola awiri. Ndinatenga pepala n'kulemba ndi zilembo zazikulu mawu amene ndinkafuna kugogoda, kuti dzanja lisadzasokonezeke: ALAMU ANU ANATISIYA MU OKUTOBALA. Ndinaliika pambali pa kiyi, n'kulitsendereza ndi kampasi yakufa ija.

Nthawi itakwana mamota analira. Phokoso lija linayamba monga mwa masiku onse. Ndinagogoda dzina langa, ndipo linabwerera m'makutu mwanga loyera, lamphamvu, ngati munthu akugogoda pa zenera. Liwu la setilaiti limatsetsereka ikamayenda, ndiye dzanja limodzi liyenera kukhala pa kachitsulo kopotokolera, kulithamangitsa. Ndinafufuza uku ndi uku. Ndinadutsa wina wothamanga ngati makina osokera, si iwo. Ndinadutsa winanso. Kenako pansi pang'ono ndinamva kugogoda kochedwa, kotsimphina, kopumira pakati pa chilembo. Koma taa womaliza ankakokedwa motalika, monga akhala akumukokera kuyambira kuseri kwa nyumba ya injiniya.

ACHIMWENE, ndinagogoda. NDAKUMVANI.

Kenako: MWACHEDWA.

Ndinaseka ndekha m'chipindamo, misozi ikutsika. Ndinafunsa kuti ali bwanji. Anayankha kuti NDILIPO, n'kuwonjezera kuti LILIME LOKHA. Dzanja lamanzere silidziwa kuthamanga. Mawu atatuwo anadya mphindi yathunthu, ndipo sindikanawadula pakamwa munthu amene wakhala miyezi yonseyi osalankhula. Anandiuza kuti nyumba yatsopanoyo ili ndi masitepe ambiri. Anandifunsa ngati chiperoni chayamba. Ndinati chayamba kale. Anati AKUNDILANDA ERIYO, ndinati NDAMVA.

Maso anga anali pa kabokosi. Nambala yoonetsa kukwera kwa setilaiti inali itafika pachimake n'kuyamba kutsika. Makumi atatu. Makumi awiri. Ndinakokera pepala lija pafupi, ndikuti akangopuma ndiyamba. Anapuma, ndinaika dzanja pa kiyi, koma iwo anayambanso, pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, ndipo ndinadziwa mawuwo asanafike pakati.

ALAMU ALI PANJA?

Nambala inali pa khumi. Mabulugamu a m'malire amameza setilaiti ikafika pa zisanu. Ndinayang'ana pepala. Ndikanatha kuligogoda lonse nthawi isanathe, ndinali nditayeseza. Koma ndinawaona achimwene atakhala pakati pa makatoni, nkhaniyo itawagwera, setilaiti italowa, lilime losagwira, kiyi ikuchotsedwa mawa m'mawa. Akanalira ndi ndani? Akanandifunsa bwanji kuti anadwala chiyani, anavutika kapena ayi? Komanso kugogoda kuti ALI PANJA, monga kale, dzanja linakana. Sindinawanamizepo achimwene pa kiyi.

Nambala inafika pa zisanu ndi zitatu. Ndinagogoda: NDIWO ALOZETSA ERIYO.

Yankho linabwera likuzimirira kale. Ti-ti-ti-ti, ti-ti, mmene timasekera pa kiyi. Kenako anayamba mawu ena, ZIKO, ndipo phokoso lija linawakwirira.

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino. Masiku ena ndimati ndinawachitira chifundo, masiku ena ndimati ndinachita mantha basi. Pepala lija lidakali pambali pa kiyi.

Setilaiti ikalowa, kompyuta imabweza eriyo pa ziro kuti ikapume. Zaka zonse zija nthawi imeneyi ndinkakhala ndikulemba m'kope za amene ndalankhula nawo, ndiye sindinaonepo ikubwerera. Tsiku limenelo ndinavula mahedifoni n'kutuluka. Kunja kunkawaza. Ndinadutsa pakhonde, n'kukaima pamwala paja, botolo lobiriwira lili pafupi ndi phazi langa. Foni inanjenjemera m'thumba: "Ababa akuseka okha. Apempha chakudya."

Pamwamba mota inkalirabe. Eriyo inagona kaye, kenako inayamba kuzungulira pang'onopang'ono, kudutsa kuphiri, kubwera, kubwera, mpaka inaima itandiyang'ana m'maso.

"Basi," ndinatero, ngakhale m'chipindamo munalibe woti adine batani.

Ndinaima pomwepo mpaka juzi inanyowa. Kenako ndinatola khasu limene mlamu wanga anasiya, n'kuyamba kupalira pamene iye analekezera.